Kakonzedwe ka fayilo ya buku lowerengera pafoni ndi pa Kindle: malangizo kwa mlembi wodzisindikizira yekha

Alembi ambiri amene amadzisindikizira okha mabuku amapunthwa pamalo amodzimodzi. Buku alilemba, alikonza, anzawo aliwerenga ndi kuliyamikira, koma ikafika nthawi yolisandutsa fayilo yoti munthu agule ndi kuwerenga pafoni, zinthu zimasokonekera. Wina amatenga zolemba zake za pa tsamba la A4, n'kuzisunga ngati PDF, n'kuyamba kugulitsa pa WhatsApp. Wogula akatsegula ali m'minibasi amapeza tizilembo tonga nyerere, ndipo kuti amalize mzere umodzi ayenera kukulitsa ndi zala ziwiri, kukankhira kumanja, kubwerera kumanzere, mpaka pofika ndime yachitatu mtima wowerenga watha. Wina amatumiza fayilo ya Word ku sitolo ya pa intaneti, ndipo buku limatuluka mitu itaphatikana, masamba ena ali mbee opanda kanthu, ndakatulo zitasanduka nkhani wamba.

Gwero la mavuto onsewa ndi limodzi. Buku lowerengera pafoni lilibe masamba okhazikika ngati a papepala, chifukwa mawu ake amadzaza sikirini iliyonse monga madzi amadzazira chotengera chomwe mwawathiramo, ndipo wosankha kukula kwa zilembo ndi wowerenga, osati inu. Choncho ntchito yaikulu siili pa batani losandutsira fayilo, koma pa kusesa zolemba zanu musanalidine bataniyo.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Kompyuta, ngakhale yakale. Buku mukhoza kulilemba pafoni, koma ntchito yotsatirayi imafuna kompyuta.
- Microsoft Word, kapena LibreOffice Writer imene ndi yaulere. Malangizo ali m'munsimu akutsata mayina a mu Word.
- Calibre, pulogalamu yaulere yosandutsira ndi kukonzera mafayilo a mabuku.
- EPUBCheck, pulogalamu yaulere yofufuza zolakwika mu EPUB, imene ndi fayilo ya buku lowerengera pafoni. Imafuna kuti pakompyuta pakhale Java.
- Kindle Previewer, yoonera mmene buku lidzaonekere pa Kindle (kachipangizo ka Amazon kowerengerapo mabuku), ngati mukufuna kugulitsa pa Amazon. Nayonso ndi yaulere.
- Foni ya Android yotsika mtengo, yokhala ndi pulogalamu yowerengera mabuku monga ReadEra kapena Google Play Books.
- Chithunzi cha chikuto cha buku.
- Fulashi kapena malo ena osungirako kope lachiwiri, popeza magetsi akhoza kuthima ntchito ili mkati.

Mapulogalamuwa atsitseni tsiku limene muli ndi bandulo yokwanira. Calibre ndi EPUBCheck zikakhala pakompyuta zimagwira ntchito popanda intaneti.

## Gawo 1: Sankhani mtundu wa fayilo molingana ndi buku lanu

EPUB ndiyo fayilo imene mlembi aliyense ayenera kukhala nayo. Si ya kampani imodzi, malamulo ake amayang'aniridwa ndi bungwe la W3C, ndipo masitolo a Apple Books, Kobo, Google Play Books komanso Amazon onse amailandira. M'kati mwake muli timafayilo tambiri tomangidwa pamodzi ngati ZIP: mawu a mutu uliwonse, zithunzi, malangizo a maonekedwe, mndandanda wa zam'kati, ndi kafayilo kofotokoza dzina la buku, mlembi ndi chiyankhulo. Nthano zazitali, nkhani zazifupi, mbiri ya moyo, maulaliki ndi ndakatulo zonse zimayenera EPUB ya mawu oyenda. Ilipo EPUB ina ya masamba okhazikika, yoyenera mabuku a ana odzaza ndi zithunzi, koma kakonzedwe kake n'kosiyana ndipo malangizo ano sakuikhudza.

PDF imasunga tsamba ndendende monga munalikonzera, ndipo n'chifukwa chake ili yabwino kwa osindikiza papepala koma yovuta pafoni. Musaitaye kotheratu, chifukwa ogula ambiri a pa WhatsApp amaidziwa bwino ndipo foni iliyonse imaitsegula. Chofunika n'chakuti ikhale fayilo yachiwiri yokonzedwa payokha, monga ndifotokozera pa Gawo 10.

DOCX, imene ndi fayilo ya Word, ndi yogwirira ntchito, osati yogulitsa. MOBI ndi fayilo yakale ya Kindle, ndipo kuyambira mu Ogasiti 2021 Amazon inasiya kuilandira kwa alembi otumiza mabuku a mawu oyenda. Malangizo akale a pa intaneti amene akukuuzanibe kupanga MOBI muwasiye. KPF imapangidwa ndi pulogalamu ya Kindle Create ndipo imagwira ntchito pa Amazon pokha. AZW3 ndi KFX ndi mafayilo amene Amazon imadzipangira yokha kuchokera pa zimene mwatumiza, choncho musavutike nawo.

Chenjezo: musasandutse PDF kukhala EPUB. Mu PDF mzere uliwonse umasungidwa pawokha, ndipo mukaisandutsa ziganizo zimaduka pakati, manambala a masamba amalowa m'nkhani, ndipo mudzatha masiku mukulumikiza zimene zikanatheka pa ola limodzi kuchokera mu Word.

## Gawo 2: Patulani fayilo imodzi yoti ikhale mayi wa ena onse

Tsegulani zolemba zanu zomalizidwa, dinani Save As, ndipo muzipatse dzina latsopano lopanda mipata, monga dzina-la-buku-ebook.docx. Fayilo yoyambirira isakhudzidwenso. EPUB ndi PDF zidzachokera mu fayilo yatsopanoyi, ndipo cholakwika chilichonse chimene mudzapeze mtsogolo mudzachikonza muno kenako n'kupanganso ena aja. Ngati munagwiritsa ntchito Track Changes ndi mkonzi wanu, vomerezani zosintha zonse ndi kufufuta ndemanga zake tsopano.

## Gawo 3: Onetsani zobisika, kenako sesani

Apa ndi pamene pagona ntchito, ndipo ndikupemphani kuti musathamange. Dinani Ctrl, Shift ndi 8 pamodzi, kapena batani la chizindikiro cha ¶ pamwamba pa Word. Tsamba limene limaoneka laukhondo lidzadzaza ndi timadontho pakati pa mawu, timivi kumayambiriro kwa ndime, ndi zizindikiro za ¶ zotsika m'munsi motsatizana. Kadontho kalikonse ndi malo amene munadina batani la mpata, kamuvi ndi Tab, ndipo ¶ ndi Enter. Nditachita zimenezi koyamba pa zolemba zanga, ndinapeza kuti mutu wina ndinaufikitsa pakati pa tsamba podina mpata kokwana makumi atatu ndi mphambu, ndipo pansi pa mutu uliwonse panali mzere wa ma ¶ otsikira kukafika pa tsamba lotsatira. Papepala zonsezo sizinkaoneka. Pafoni mutu uja unathyoka n'kugwera kumbali, ndipo ma Enter aja anasanduka masikirini awiri opanda mawu.

Musanafufute chilichonse, pitani paliponse pamene munasiya mzere wopanda kanthu mwadala, monga pamene nkhani ikudumpha kuchoka pa tsiku lina kupita pa lina, ndipo muikepo nyenyezi zitatu, * * *, pakati pa mzere. Ndakatulo ndi nyimbo zikopereni mu fayilo ina kuti mudzazibwezeretse pa Gawo 6. Mukapanda kutero, kusesa kumene kukubweraku kudzameza mipata yonse, yabwino ndi yoipa yomwe.

Tsopano dinani Ctrl ndi H kuti mutsegule Find and Replace, ndipo chitani izi motsatana:

1. M'bokosi lam'mwamba lembani ^t, lam'munsi mulisiye lopanda kanthu, ndipo dinani Replace All. Ma Tab onse achoka.
2. M'mwamba dinani mpata kawiri, m'munsi kamodzi. Bwerezani Replace All mpaka Word itanena kuti yasintha 0.
3. M'mwamba lembani ^p^p, m'munsi ^p. Bwerezaninso mpaka 0.
4. M'mwamba lembani ^p ndi mpata patsogolo pake, m'munsi ^p yokha, kuti muchotse mipata yoyambira ndime.
5. Fufuzani ^l, chimene ndi mzere wodulidwa pamanja. Ichi musachisinthe chonse kamodzi. Onani malo aliwonse paokha, chifukwa chimapezeka kwambiri m'zolemba zokopedwa kuchokera pa WhatsApp kapena pa imelo.

Mukatha, chotsani manambala a masamba, mawu a pamwamba ndi pansi pa tsamba, mabokosi a mawu, WordArt ndi mizati iwiri. Zonsezi ndi za papepala. Sankhaninso mawu onse ndi kuika kala ya zilembo (Font Color) pa Automatic. Mukaumiriza kuti zikhale zakuda, munthu wowerenga usiku pa sikirini yakuda akhoza kupeza zilembo zakuda pamalo akuda, osaona kalikonse.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Buku la masamba mazana awiri likhoza kukutengerani madzulo athunthu pa gawo lokhali, koma nthawi imeneyo idzabwerera m'magawo onse otsatira.

## Gawo 4: Gwiritsani ntchito masitayilo m'malo mokongoletsa pamanja

Pulogalamu yosandutsa fayilo ilibe maso. Mukatenga mawu akuti Mutu Woyamba n'kuwakulitsa, kuwadetsa ndi kuwaika pakati, kwa inu aoneka ngati mutu, koma kwa pulogalamuyo ndi ndime wamba yonenepa. Imadziwa mutu pokhapokha mwaupatsa sitayilo ya Heading 1. Choncho dinani pa mutu uliwonse wa buku ndi kusankha Heading 1, timitu ta m'kati mutipatse Heading 2, ndipo nkhani yonse ikhale pa Normal.

Maonekedwe asintheni mu sitayilo momwemo. Dinani kumanja pa Heading 1, sankhani Modify, kenako Format ndi Paragraph, ndipo pa Line and Page Breaks chongani Page break before. Mutu uliwonse udzayamba pa tsamba latsopano popanda Enter ngakhale mmodzi. Chitaninso chimodzimodzi pa Normal: pa Special sankhani First line ndi kulemba 0.5 cm, kuti ndime iliyonse iyambire m'kati pang'ono. Musapitirire muyeso umenewu, chifukwa pa sikirini yopapatiza mpata waukulu umadya gawo lalikulu la mzere. Sankhaninso chimodzi mwa ziwiri: kulowetsa ndime m'kati, kumene kumayenera nthano, kapena kusiya mpata pakati pa ndime, kumene kumayenera mabuku ophunzitsa. Zonse ziwiri pamodzi zimaoneka zosalongosoka.

Kuti mutsimikize, pitani pa View ndi kuchonga Navigation Pane. Mitu yonse iyenera kuoneka kumanzere motsatana. Umene ukusowa pamenepo udzasowanso m'ndandanda wa zam'kati wa buku lanu.

Za mtundu wa zilembo musataye nthawi. Times New Roman kapena ina yodziwika ndi yokwanira, popeza wowerenga adzasankha yake. Zilembo zokongoletsa zotsitsidwa pa intaneti zimakhala ndi eni ake, ndipo si zonse zimene zimaloledwa kuikidwa m'kati mwa buku logulitsa.

## Gawo 5: Samalani nkhodolero ndi chilembo cha ŵ

Malangizo a m'Chingerezi sakamba za nkhaniyi, koma kwa ife olemba m'Chichewa ndi yaikulu, chifukwa pafupifupi chiganizo chilichonse chili ndi nkhodolero: m'mudzi, ng'ombe, n'chifukwa, pang'ono. Vuto ndi lakuti pali zizindikiro zingapo zofanana. Ilipo nkhodolero yowongoka, ilipo yopindika, ndipo palinso tizizindikiro tiwiri topendekeka timene anthu amadina molakwitsa, makamaka polemba pafoni. Buku limene linalembedwa mbali ina pafoni, mbali ina pakompyuta, limakhala ndi mitundu yonseyi mosakanikirana, ndipo kuwonjezera pa kuoneka koipa, wowerenga akafufuza liwu lakuti ng'ombe pulogalamu ina imapeza ena n'kuphonya ena.

Koperani kachizindikiro kolakwika kalikonse kamene mwakaona, kaikeni m'bokosi lam'mwamba la Find and Replace, ndipo m'munsi lembani nkhodolero yeniyeni. Pomaliza lembani nkhodolero wamba m'mabokosi onse awiri ndi kudina Replace All. Ngati Word ili yotchera kupinda zizindikiro, zonse zidzasanduka zopindika mofanana. Chitaninso chimodzimodzi ndi mitengero. Onetsetsani mawu oyamba ndi nkhodolero, monga zimachitikira m'ndakatulo, chifukwa pamenepo Word imaitembenuza kuyang'ana kolakwika.

Ngati mukulemba ŵ, monga mu dzina la Malaŵi, m'zolemba za kalembedwe kakale kapena m'mawu a Chitumbuka, gwiritsani ntchito chilembo chenicheni. Mu Word lembani 0175 ndi kudina Alt ndi X pamodzi. Chachikulu chake ndi 0174. Musachipange posanjikiza kadenga pamwamba pa w, ndipo musachitenge mu mtundu wa zilembo wachilendo, chifukwa pafoni chidzasanduka kabokosi kapena mfunsiro.

## Gawo 6: Bwezeretsani ndakatulo, ikani zithunzi

Ndakatulo zipangireni sitayilo yakeyake yosalowetsa mzere woyamba m'kati. Kumapeto kwa mzere uliwonse dinani Shift ndi Enter, ndipo Enter yekha mumudine pothera pa ndime ya ndakatulo. Mpata wolekanitsa ndime muutchere mu sitayiloyo pa Spacing After. Dziwani kuti mzere wautali udzapindika pafoni, ndipo palibe njira yoletsera zimenezi. Alakatuli amene amamwaza mawu pa tsamba kuti apange chithunzi ayenera kuvomereza kuti ndakatulo zoterozo malo ake ndi PDF.

Zithunzi zikhale JPEG, kapena PNG ngati ndi zojambula za mizere. Ziikeni kudzera pa Insert ndi Pictures, ndipo pa Wrap Text sankhani In Line with Text kuti chithunzi chikhale pa mzere wakewake. Chithunzi chochokera mu kamera ya foni chimalemera kwambiri, choncho chichepetseni kaye. Mapikiselo pafupifupi 1,200 m'lifupi amakwanira pa buku la mawu. Kulemera kwa fayilo kumadya bandulo ya wogula, komanso kumadya ndalama zanu: pa Amazon.com, mlembi akasankha kulandira 70 peresenti ya mtengo wa buku, amachotsa masenti 15 a dola pa megabayiti iliyonse, kutanthauza kuti pa buku la mamegabayiti 10 amachotsa dola imodzi ndi theka pa mtengo wa kope lililonse logulidwa asanawerengere 70 peresenti ija.

Chithunzi chilichonse chilembereni mawu ochifotokoza pa Alt Text, chifukwa anzathu osaona amawerenga pomvetsera, ndipo pulogalamu yawo imawawerengera mawu amenewa. Matebulo akhale a mizati iwiri kapena itatu basi. Mawu a m'munsi aikeni kudzera pa References ndi Insert Footnote, osati polemba nambala pamanja.

## Gawo 7: Masamba oyambirira ndi chikuto

Koyambirira ikani dzina la buku ndi la mlembi, kenako tsamba la umwini lokhala ndi chizindikiro cha ©, chaka ndi dzina lanu. Zothokoza zazitali ndi mbiri ya mlembi zipite kumapeto, chifukwa masitolo amaonetsa ogula kachigawo koyamba ka buku kwaulere, ndipo n'zomvetsa chisoni kachigawoko kakathera pa mayina a achibale nkhani isanayambe. Mndandanda wa zam'kati wokhala ndi manambala a masamba muuchotse. Calibre idzapanga wina wodinika kuchokera pa ma Heading aja.

Chikuto ndi cha kutsogolo kokha, popanda msana kapena kumbuyo. Muyeso umene Amazon imalimbikitsa ndi mapikiselo 2,560 m'litali ndi 1,600 m'lifupi, ndipo umenewu umakwaniranso ku Apple Books kumene amafuna mapikiselo osachepera 1,400 kumbali yaifupi. Chisungeni ngati JPEG ya mitundu ya RGB. Ngati wokujambulirani anazolowera ntchito za osindikiza, muuzeni momveka kuti CMYK, mitundu ya osindikiza papepala, ayi. Kenako chichepetseni pa sikirini mpaka chifanane ndi chala chachikulu. Ngati dzina la buku silikuwerengeka pamenepo, zilembo zikulitsidwe, popeza ogula amayamba kuchiona chili chaching'ono chotero. Chikutocho musachiike m'kati mwa fayilo ya Word.

## Gawo 8: Pangani EPUB

1. Tsegulani Calibre, dinani Add books ndi kusankha fayilo yanu ya DOCX.
2. Dinani Edit metadata. Lembani dzina la buku ndi la mlembi monga mukufunira kuti zioneke m'sitolo, ndipo lowetsani chikuto.
3. Pa Languages fufuzani Nyanja kapena Chichewa.
4. Dinani Convert books, ndipo kumanja m'mwamba pa Output format sankhani EPUB.
5. Pa EPUB output sankhani mtundu wa 3, kenako dinani OK.
6. Ikamaliza, dinani Edit book kuti muone m'kati.

Nkhani ya chiyankhulo ambiri amaidumpha. Chizindikiro cha Chichewa m'makompyuta ndi ny. Mu Edit book tsegulani kafayilo kothera ndi .opf ndi kuona mzere wa dc:language; ngati palembedwa en, sinthani kukhala ny, ndipo fufuzaninso lang="en" m'timafayilo ta mitu. Buku likadziwika ngati la Chingerezi, mapulogalamu ena amadula mawu kumapeto kwa mzere motsata malamulo a Chingerezi, ndipo liwu longa ndinawakhululukira limadulidwa pamalo amene mwana wa sukulu sangadulepo.

LibreOffice Writer ndi Google Docs nazonso zimatha kutulutsa EPUB mwachindunji, ndipo kampani ya Draft2Digital imasandutsa fayilo ya Word pa intaneti. Ine ndimakonda Calibre chifukwa imakulolani kutsegula buku ndi kukonza chimene chalakwika, koma njira iliyonse mwa izi imatulutsa zabwino ngati zolemba zinasesedwa, ndipo imatulutsa zoipa ngati sizinasesedwe.

## Gawo 9: Yesani fayiloyo musanaipereke kwa munthu

Muli mu Edit book, dinani F7 kuti Calibre ifufuze zolakwika. Kenako ipititseni mu EPUBCheck. Uthenga wolembedwa ERROR uyenera kukonzedwa, chifukwa masitolo ena amakana fayilo yotere. Wa WARNING muuwerenge ndi kuona ngati n'kofunika. Uthenga uliwonse umatchula kafayilo ndi nambala ya mzere pamene pali vuto, ndipo kawirikawiri chimakhala chithunzi chosowa kapena ulalo wolozera kumalo kumene kulibe.

Makina akavomereza, yesani ndi maso. Tumizani fayilo ku foni yotsika mtengo ija, osati yapamwamba, popeza owerenga anu ambiri ali ndi yoteroyo. Kulitsani zilembo mpaka pamapeto ndi kuona ngati mitu ikuthyoka. Sinthani sikirini ikhale yakuda. Goneketsani foni cham'mbali. Dinani mutu uliwonse m'ndandanda wa zam'kati, osati atatu oyamba okha. Fufuzani liwu lokhala ndi nkhodolero. Pomaliza liwerengeni buku lonse pafonipo, chifukwa zolakwika za kalembedwe zimene diso linazolowera pakompyuta zimaonekera msanga mizere ikasintha. Ngati mukupita ku Amazon, tsegulaninso fayiloyo mu Kindle Previewer ndi kuona maonekedwe a pafoni, pa tabuleti ndi pa Kindle.

Chilichonse chachikulu chimene mwapeza mukachikonze mu fayilo ya DOCX ija, kenako mubwereze Gawo 8.

## Gawo 10: Konzani PDF ya pafoni, ndipo tumizani

Koperani fayilo ya DOCX, sinthani tsamba kuchoka pa A4 kupita pa A5, kapenanso A6 amene ndi mamilimita 105 m'lifupi ndi 148 m'litali, chepetsani mipata ya m'mbali ifike pa sentimita imodzi, ndipo zilembo zikhale pa 11 kapena 12. Muno mukhoza kubwezeretsa manambala a masamba ndi kuika chikuto koyambirira. Posunga ngati PDF, pa Options chongani kuti ipange ma bookmark kuchokera pa mitu. Tsamba lotere limakwana pafoni popanda kukulitsa.

Wogula akalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, mutumizireni mafayilo onse awiri ngati Document pa WhatsApp, pamodzi ndi chiganizo chimodzi chomuuza pulogalamu yotsegulira EPUB. Wa iPhone safunika kutsitsa kanthu chifukwa Apple Books imaitsegula, ndipo wa Kindle akhoza kuilowetsa kudzera pa Send to Kindle.

Za masitolo a pa intaneti, onani zinthu ziwiri musanataye nthawi: ngati amalandira chiyankhulo cha buku lanu, ndi ngati ali ndi njira yolipirira mlembi wokhala m'dziko lanu. Amazon KDP, tsamba limene alembi amatumizirapo mabuku awo ku Amazon, ili ndi mndandanda wa ziyankhulo zimene imalandira, ndipo pamene ndikulemba izi Chiafrikaans chilipo koma Chichewa palibe. Buku la m'Chingerezi lipita bwino kumeneko, koma la m'Chichewa mulifunire njira zina, ndipo musalinamizire kuti ndi la Chingerezi, chifukwa likhoza kukanidwa kapena kuchotsedwa. Buku la pa Kindle silifuna ISBN, nambala yozindikiritsa buku padziko lonse, popeza Amazon imapereka nambala yakeyake yotchedwa ASIN. Ngati muli ndi ISBN ya buku la papepala, musaigwiritsenso ntchito pa EPUB, chifukwa mtundu uliwonse wa buku umafuna nambala yake.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Choyamba ndi kusintha dzina la fayilo poganiza kuti mtundu wake wasintha. Kufufuta .docx n'kulembapo .epub sikupanga EPUB. Kumangopanga fayilo yosatseguka.

China ndi kulemba m'nkhani kuti onani tsamba 45. Mu EPUB tsamba 45 la munthu wina ndi tsamba 80 la mnzake, choncho tchulani mutu kapena ikani ulalo wodinika. Mlozera wa kumapeto wokhala ndi manambala a masamba nawonso ulibe ntchito.

Ambiri amalowa mu KDP Select osawerenga zimene akuvomereza. Dongosololi limafuna kuti kwa masiku 90 buku lanu la pakompyuta lizipezeka pa Amazon pokha, ndipo limadzibwereza lokha mukapanda kuliletsa. Pa nthawi imeneyo kugulitsa EPUB kapena PDF ya buku lomwelo pa WhatsApp ndi kuphwanya pangano, ngakhale buku la papepala mukhoza kugulitsabe kulikonse.

Ena amakonza zolakwika mu EPUB mokha, n'kuiwala DOCX. Pakapita miyezi, akafuna kutulutsa buku la papepala, amatenga fayilo yakale ija ndipo zolakwika zonse zimabwerera. Lembani deti m'dzina la fayilo nthawi iliyonse mwasintha, ndipo kope lina lizikhala pa fulashi.

Palinso kudalira loko. Alembi ena amaika pasiwedi pa PDF kapena kusankha DRM, loko yoletsa kukopera fayilo, poopa kuti buku lidzagawidwa m'magulu a WhatsApp. Nkhawayo ndi yomveka, ndipo palibe mlembi amene sapwetekedwa mtima akaona thukuta lake likuyenda laulere. Koma pasiwedi imatumizidwa pamodzi ndi fayilo, ndipo amene amavutika nayo kwambiri ndi wogula woona mtima amene wasintha foni. Njira yothandizako ndi kulemba dzina la wogula pa tsamba loyamba la kope lake, pamodzi ndi nambala imene ena angagulirepo, kuti fayiloyo ikafika kwa munthu wachitatu adziwe kumene angalipire.

Chomaliza chimachitika pa tsiku lotulutsa buku. Mlembi amalengeza deti pa Facebook, anthu amalipira, ndipo EPUB amaipanga usiku wa dzulo lake osaiyesa pa foni ina iliyonse. Siyani sabata yathunthu pakati pa kumaliza fayilo ndi tsiku lotulutsa, ndipo m'sabatayo perekani bukulo kwa anthu awiri kapena atatu okhala ndi mafoni osiyana, mmodzi mwa iwo akhale wachikulire amene amawerenga atakulitsa zilembo. Muwapemphe kuti akapeza malo osokonekera ajambule sikirini ndi kukutumizirani, chifukwa chithunzicho chidzakuonetsani mutu ndi ndime yoti mukaitsegule mu DOCX.